Nyama ya M'makatoni

Lolemba, 6 Okutobala 2025

Kutentha kuyambira mbandakucha. Mpopi wa kukhitchini wouma mpaka teni koloko, chonsecho nyanja ili pakhomo pomwepa.

Nyama yafika lero. Osati pa njinga ya Che Abudu a kubutchala monga masiku onse, ayi. Galimoto yoyera ya filiji, dalaivala wovala jekete m'dzuwa la Mangochi lino, makatoni mulu. Nyama yake gwa! ngati njerwa. Pa katoni iliyonse kasitika kobiriwira, kamwezi ndi kanyenyezi. Ndamufunsa bamboyo kuti ng'ombe zimenezi anazinga ndani. Akuti, "Mayi, ine ndimangoyendetsa, sainani apa ndikuthamangira ku Balaka." Ndasaina. Ndikanatani?

Ulendo ku ofesi kwa bambo Kalisto, mkulu wa zogulagula pachipatala pano. Fani ikuzungulira, iwo maso pa kompyuta. Akuti sisitimu yasankha. Masiku ano chilichonse chimene chipatala chikugula chikudutsa mmenemo, ogulitsa akuponya mitengo yawo pa kompyuta, wotsika mtengo ndiye atenga. Yapambana kampani ina ya kumtunda, dzina lake lalitali la Chingerezi. Ine ndangowatcha a Makatoni.

Zaka zonse zimene ndakhala mkulu wa khitchini ino, tsiku la nyama ndimanyamuka ndikangoswali m'mawa, ulendo kophera ng'ombe kuseri kwa msika. Ine kuima poteropo, Che Abudu kuigoneka kuyang'anitsa ku Makka, Bismillah, mpeni. Masana ndikamagawa chakudya m'mawodi funso limakhala limodzi: Abiti Atumani, munaliko? Ine n'kuti ndinaliko. Basi, anthu kudya. Palibe anandipemphapo pepala. Nanga Lachisanu likudzali ndikanene chiyani, kuti sitika inaliko?

Bambo Kalisto ndi munthu wabwino, wa ku Dedza, sabanso. Kungoti kwa iwo nyama ndi nyama.

Lachitatu, 8 Okutobala

Poweruka ndadzera kumsika kukawafunsa Che Abudu chifukwa chimene sanaponyere mtengo wawo. Ndawapeza akuingitsa ntchentche pa mwendo umodzi wa ng'ombe, nkhope yagwa. Akuti, "Wallahi ndinalembetsa, Abiti Atumani, kafunseni msika wonse."

Nkhani yake ndi iyi, ndipo ndikuilemba kuti tsiku lina ndisadzaganize kuti ndinalota. Pamene analengeza kuti aliyense wofuna kugulitsa zinthu kuchipatala alembetse pa kompyuta, msika wonse unakhamukira kwa Ayub, wa shopu ya fotokope pafupi ndi siteji ya minibasi. Mayi wa nkhuni, a tomato, a usipa, a mazira, onse. Ayub anawalembetsa bwinobwino. Koma pamene pamafunika nambala ya foni, anaika yake. Kwa aliyense! Ati inu akuluakulu mauthenga a Chingerezi adzakuzunguzani mutu, akamabwera ndizikuuzani ndine. Anthu kumuthokoza. Che Abudu mpaka anamupatsa chiwindi chathunthu.

Mwezi wa Ogasiti Ayub ananyamuka, wa ku Joni. Ndi foni yomwe.

Tsono kuti munthu alowe mu sisitimu, imatumiza nambala yachinsinsi pa foni imene inalembedwa. Tenda ya nyama, mpikisano wa mitengo uja, inatuluka, uthenga unapita m'thumba la Ayub, Ayub ali kutsidya kwa Limpopo. Kuno palibe anamva kanthu mpaka galimoto yoyera ija.

Ndaseka mpaka kugwira thebulo la nyama. Kenako mtima wanyamuka. Kandimverere anakanena za m'maluwa, koma uyu sananene ngakhale za m'maluwazo. Amuna a ndevu zoyera, ochita malonda chibadwire ine, kupereka makutu awo onse kwa munthu mmodzi!

Lachisanu, 10 Okutobala

Tsiku loyamba kuphika nyama ya a Makatoni. Kuisungunula kokha m'mawa wonse, madzi ofiira pansi ponse. Koma chilungamo, ndi nyama yonona, mafupa ochepa. Anyezi, tomato, zonse monga mwa nthawi zonse. Sindinalawe. Mchere walawa mnzanga wophika naye, iye ndi wa Katolika, alibe nazo vuto.

Ku wodi ya abambo funso lomwe lija. Ndati sindinaliko, yachokera kutali, koma ili ndi sitika ya halali. Mkulu wina wothyoka mwendo akuti, "Sitikayo imaswali mzikiti uti?" Wodi yonse kuseka, mbale n'kuzikankhira kumbali.

Kuchidikiro, kumene amayi oyembekezera ochokera kutali amadikirira tsiku lawo, ndiye kunaipa. Mbale zabwerera momwe zinapitira, kupatula za amayi angapo achikhristu. Alonda ndi okolopa adya lero ngati pa ukwati.

Kuli mtsikana wina kumeneko, dzina lake Ajira, wochokera kuseri kwa mapiri kupitirira ku Chowe. Mimba yoyamba, mapasa, magazi ochepa, m'maso mwayera mbee. Mwamuna wake naye ali ku Joni, nanga sali ku Joni ndani? Akumudikirira ndi amake, mayi wouma pakamwa, akakwiya ndi Chiyao chokhachokha. Sisita Annette, mzamba wamkulu, anandiuza sabata yatha kuti mtsikana ameneyu azidya, ndipo zivute zitani asachoke pano, chifukwa mwana mmodzi wagona chopingasa. Lero Ajira anaiyang'ana nyama ija, kumeza malovu ndinaona ndi maso angawa. Amake anangoti, "Ngwamba." Mbale n'kuivundikira.

Bambo Kalisto andionetsa chikalata cha halali pa kompyuta. Chidindo chilipo, siginecha yokalakala. Ndati shehe wake ndani, timuimbire. Akulitsa chithunzi, zilembo zonse zasanduka phala. Akuti, "Koma chili mu sisitimu, mayi." Ndatuluka ndisanayankhule chimene chinali pa lilime.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Zakula. Nkhani kuchidikiro imabereka msanga kuposa eni ake. Lachisanu inali nyama yosadziwika woizinga. Loweruka inali chibudu, ng'ombe yofa yokha. Pofika dzulo yasanduka nkhumba. Astaghfirullah! Wina akuti anaona ubweya woyera. Ubweya uti pa nyama yobwera yopanda ndi chikopa chomwe?

Tsopano akukana ndi nyemba zomwe, ndi phala lomwe. Ati mphika ndi womwewo, zipande zomwezo. Ndipo pamenepo sakunama, mphika waukulu wa ndiwo tili nawo umodzi basi.

Dzulo ndinautulutsa panja, pamaso pa onse. Kuutsuka kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi, monga lamulo lathu limanenera chiwiya chikadetsedwa. Madzi ochita kukatunga pa mjigo wa kusukulu, popeza mpopi unagonanso. Ine ndi msana wangawu, kutsuka nkhumba imene sindinaione, imene mtima wanga ukundiuza kuti kulibe! Amayi atandizungulira, akuwerenga mokweza kuti ndisabe kamodzi. Anadya nyemba dzulo. Ajira anamaliza mbale yake.

Lero Lachiwiri, tsiku la nyamanso. Mphika womwewo. Tabwerera pomwe tinayambira.

Ndapempha kuti tileke kuiphika. Bambo Kalisto akuti inalipiridwa kale, magetsi akuzimazima, jenereta ndi ya kufiyeta kochitira opaleshoni kokha, ikawola mufiliji ayankha ndine. Ndati chabwino, tiguleni mphika wachiwiri. Akuti alemba mu sisitimu, ubwera Januwale. Koma abale! Mimba zimenezi zidikira Januwale?

Mutu. Panado awiri, madzi ofunda a m'botolo.

Lachinayi, 16 Okutobala

Dzulo tchuthi, Tsiku la Anakubala. Amayi a kuchidikiro alikondwerera ndi mango aawisi ndi mchere.

Bambo Kalisto sakugona nayo nkhaniyi, ndisawanamizire. Apeza njira. Atsegula tenda ina yaing'ono ya nyama ya mbuzi ya kuchidikiro kokha, yotseka Lachisanu la sabata ya mawa pa thwelofu. Che Abudu angolowa, aponye mtengo, basi. Iwonso Che Abudu alonjeza kutibwereka mphika wawo waukulu wa pa sadaka kuti ndiwo za amayi ziziphikidwa padera. Koma bambo Kalisto akuti iwo sangakhudze batani lililonse m'malo mwa wogulitsa, umenewo ndi mlandu. Ndiye tikadzionere tokha.

Masana tinali mu shopu ya fotokope, imene tsopano akuyendetsa mkazi wa Ayub. Iye pa kompyuta, Che Abudu pa benchi kofia ili m'manja, ine ndi foni kuimbira Ayub pa WhatsApp. Wayankha ali m'shopu mwa bwana wake, phokoso la magalimoto kumbuyo. Simukadi ya ku Malawi ali nayo, ili m'chikwama. Alhamdulillah. Mkazi wake wadina batani, nambala yachinsinsi yatumizidwa. Tsono foni ya Ayub imalowa simukadi imodzi. Kuti aikemo ya ku Malawi, achotse ya ku Joni, ndipo akachotsa ya ku Joni ife sitingamumve. Wadula. Kudikira. Waimbanso: sinabwere. Kudinanso, kudulanso, sinabwere. Kachitatu sisitimu yatitsekera kunja, ati mwayesa kwambiri, bwerani mawa. Kenako Ayub akuti mwina simukadiyo sikugwira netiweki kumeneko. Mwina! Anthu atatu thukuta kamukamu, iye ati mwina.

Ndati tisinthe nambala, tiike ya Che Abudu. Mkazi wa Ayub wawerenga malangizo. Kuti usinthe nambala, ulandire kaye uthenga pa nambala imene ukufuna kuisinthayo. Apo ayi upite wekha ku Lilongwe ndi mapepala, ayankha pakatha masabata awiri. Amene anakonza zimenezi Mulungu amukhululukire, ine sindingathe.

Mawu omaliza a Ayub asanadule: "Musadandaule anti, ndi zazing'ono izi." Akanakhala pafupi.

Lamlungu, 19 Okutobala

Kunyumba. Kuchapa, kusita mayunifomu, magetsi azima ndili pakati.

Kuchidikiro ayamba kuchoka. Amene ali ndi abale pafupi akuphika okha pa mafuwa kuseri kwa mpanda. Amene anabwera chimanjamanja podalira chakudya cha chipatala akumanga katundu, mmodzimmodzi, m'mawa anamwino asanafike. Amake Ajira anabwera ndi kaufa kochepa, kakutha. Ndakhala ndikuwatengera mazira ndi usipa wa kunyumba kuno m'kabakuli, mobisa, chifukwa ena akaona ndiwapatsa chiyani?

Che Swadick, amuna anga, azindikira. Akuti, "Kodi tatsegula chipatala chathuchathu?" Kenako ulaliki. Iwo anakhalako ku Joni zaka zambiri, ndiye chilichonse amayezera ku Joni. Ati kumeneko aliyense amadya za sitika, ndi mashehe omwe, sitika ndi umboni wa Asilamu anzathu, ndipo ngati pali tchimo ndi la amene anaimata. Mwina akunena zoona. Ine mtima wanga ukuti nyamayo ilibe vuto. Ndawafunsa kuti ndiye mawa ndibweretseko kilo imodzi tidye kuno? Atsokomola, atenga kofia, ulendo ku bawo.

Ndiyankhule chilungamo, popeza palibe akuwerenga. Kale zinthu sizinali bwino. Nthawi ya mkulu wa sitolo wakale uja, nyemba zinkachokera kwa mlamu wake, zofumbwa, madzi ake akuda bii. Sopo ankafika pa pepala pokha. Chiyambire sisitimu nyemba ndi zoyera, mafuta ophikira akubwera, sopo ndikumuona ndi maso. Sindikufuna kubwerera kumeneko. Koma nyemba sazinga, ndipo amene anakonza makinawa sanagonepo mu wodi ya kuno.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Nzeru zatsopano za Ayub. Simukadi waisokerera mumpendero wa bulangete limene akutumizira mkazi wake, wapatsira atransipota a katundu wa ku Joni. Basi inanyamuka Lamlungu, ifika Lachinayi, inshallah. Ndiye kuti ndiwo za amayi oyembekezera zili m'bulangete, penapake pa msewu wa ku Zimbabwe. Che Abudu agula kale mbuzi ziwiri, azimangirira kuseri kwa butchala.

Masana Sisita Annette anandiitanira m'kachipinda kawo. Bambo Kalisto analimo kale, nditangowaona ndinadziwa. Magazi a Ajira atsikanso. Sisita akuti, "Abiti Atumani, liwu limodzi lokha. Kawauzeni kuti munaliko."

Ndinapsa mtima. Ndinati pakamwa pangapa ndiye chidindo chokha chimene khitchini ino ili nacho. Anthu a kuno amadya mankhwala athu, amagona pa mabedi athu, koma chakudya amadya chifukwa ine sindinawanamizepo. Ndikanama kamodzi, mawa akazindikira, ndani adzadyenso ngakhale phala la m'manja mwanga? Ndipo Mulungu ndikamuuza chiyani? Sisita anangondiyang'ana, maso ofiira ndi tulo. Akuti, "Chidindo chanucho sichimuika magazi mwanayu."

Ndinati ndiye nditumeni kwa a Makatoni ndikaone ndekha mmene amazingira, ndibwere ndinene zoona. Bambo Kalisto akuti ulendo uliwonse upemphedwe mu sisitimu, avomereza mwezi wa mawa. Anawaimbiranso eni kampaniyo, akuti mlendo salowa kophera popanda kalata yochokera ku likulu.

Ndatsukanso mphika kasanu ndi kawiri. Manja achita ming'alu. Ine ndi Sisita sitinatsanzikane.

Lachinayi, 23 Okutobala

Basi yafera ku Tete. Akudikira chitsulo china chichokere ku Blantyre.

Ufa wa amake Ajira watha. Apangana kale ndi wa njinga yamoto, abwera Loweruka m'mawa. Ati kumudzi kuli chinangwa, kulinso azamba amene anamubereketsa Ajira yemweyo. Njinga yamoto, mapasa, msewu wa miyala uja! Sisita awaopseza, awanyengerera, mpaka awagwadira. Mayiwo akuti, "Mwana wanga afe ndi njala pa khomo la boma?"

Miyendo ya Ajira yatupa mpaka sakuvala nsapato. Anandiyang'ana pamene ndimadutsa ndi ndowa, ine ndinayang'ana kumbali.

Lachisanu, 24 Okutobala

Thwelofu yakwana adhana, kuitanira swala ya Lachisanu, ili pafupi kumveka. Tenda yatsekedwa. Bulangete likadali ku Tete. Amene anaponya mtengo ndi mmodzi yekha, ndipo wapambana. A Makatoni! Ndiye mwezi wa mawa kubweranso mbuzi za m'makatoni. Bambo Kalisto pondiuza sanadzutse mutu. Ine sindinakwiye nkomwe, mphamvu zake ndinalibe.

Ndinapakula mbale imodzi, nsima ndi nyama, ndinanyamula ndekha mpaka kuchidikiro. Sindikudziwa chimene ndinkaganiza. Katundu wa Ajira anali atamangidwa kale m'chitenje. Ndinaika mbale pa mphasa yawo, n'kunena zomwe ndakhala ndikunena, kuti ili ndi sitika, kuti chikalata ndinachiona. Amake sanayang'ane mbale, anayang'ana ine. Akuti, "Inuyo mungadye?"

Amayi onse anasiya zimene amachita.

Ndinakhala pansi. Ndinasamba m'manja ndi madzi a m'kapu mwawo. Bismillah. Nthuli yoyamba, yachiwiri. Sindinayankhule liwu lililonse. Onse maso pakhosi panga kuona ngati ndikumezadi. Imakoma ngati nyama, basi, palibe china chimene lilime linandiuza.

Amake Ajira sanafunsenso. Anakankhira mbale kwa mwana wawo. Mmene anadyera mtsikana uja, mpaka kunyambita zala, ndinachita kuyang'ana pansi kuti misozi isaoneke. Kenako wina anati nanga ife, wina anathamangira kukhitchini ndi bakuli. Pofika thuu koloko mphika unali mbee, ndi ku wodi ya abambo komwe, uthenga unafika kale kuti Abiti Atumani adya. Chitenje cha katundu chamasulidwa. Wa njinga yamoto amuimbira kuti asabwere.

Ndinapita kuseri kwa khitchini, ndinayesa kusanza, sizinatuluke. Swala ya masana ndaswali mochedwa, ndipo ndinakhalitsa pa mkeka.

Sindinaname. Ndakhala ndikudziuza zimenezi chichokere kuchidikiro kuja.

Lachitatu, 29 Okutobala

Ajira wachira! Alhamdulillah, alhamdulillah. Matenda anayamba Lolemba masana, anathamangira naye kufiyeta, opaleshoni. Mwamuna ndi mkazi, tiana tating'ono koma tolira mwamphamvu. Anataya magazi ambiri, anamuika ena. Sisita Annette anabwera okha kukhitchini kudzandiuza, anangoti akanakhala kumudzi bwenzi tikunena zina. Tinagwirana manja, nkhani ya tsiku lija palibe anaitchula.

Lero ndakawaona. Ndanyamula kamkaziko, kopepuka, kakutu kopindika. Ajira akumwetulira, milomo yayamba kubwerera mtundu wake. Amake andigwira manja onse awiri, sikomo, sikomo kwejinji, mpaka manyazi. Kenako atembenukira wodi yonse, akuti, "Ife tinadya chifukwa mayi awa saika pakamwa chinthu chimene sakuchidziwa." Amayi onse kuvomereza. Ine kumwetulira mokakamiza, mwana ali m'manja.

Dzulo, tsiku la nyama, ndinazemba. Ndinati dzino likuwawa, ndinatuma mnzanga kukagawa. Anadya ndithu, koma akuti anafunsa kuti ndili kuti.

Lachinayi, 30 Okutobala

Kutha kwa mwezi. Sisitimu imafuna kudziwa mmene wogulitsa wagwirira ntchito, ndipo woyankha ndi mkulu wa khitchini. Bambo Kalisto kundiwerengera mafunso, ine chiimire. Nyama inafika pa nthawi yake? Inafika. Inali yowola? Ayi. Odwala akudya? Akudya. Nanga ndikanati chiyani, mphika ukubwerera wopanda kanthu? Adina batani. Kontirakiti ya a Makatoni inali yoyeserera, tsopano yakhazikika mpaka Okutobala wa chaka cha mawa. Bambo Kalisto akondwa, ati vuto latha lokha, mpaka andigulira chakumwa chozizira. Chili pa windo mpaka pano.

Bulangete linafika Lolemba. Simukadi aiika mu foni ya mkazi wa Ayub, nambala yachinsinsi yabwera nthawi yomweyo, kamodzi n'kamodzi. Che Abudu alowa mu sisitimu bwinobwino. Mulibe tenda ya nyama.

Masana Che Abudu adutsa kukhitchini, njinga akukankha, pa keliyala palibe kanthu. Anachokera ku ofesi kukamva okha za Okutobala wa chaka cha mawayo. Mbuzi ziwiri zija anagulitsa motchipa. Ati tsopano azipha ng'ombe kamodzi pa sabata, msika wokha sungamalize ziwiri. Sanakweze mawu, sanandidandaulire. Anaima pakhomo, anayang'ana makatoni opanda kanthu amene taunjika pakona, kenako ine. Akuti, "Ndamva kuti inakoma, Abiti Atumani."

Anakwera njinga, anapita.

Mawa Lachisanu. Amayi a kuchidikiro atumiza mawu, ndipo kwabwera atsopano ambiri atamva kuti chakudya cha kuno chayeranso. Ati andiyalira mphasa pakati, dzino lipole lisapole, sayamba kudya ndisanayambe ine. Lachiwiri chimodzimodzi, ndi Lachisanu linalo, mpaka chaka chithe.

Ndipo amene anagwira mpeni sindikumudziwa.